Makolo ndi Mwana wa ku Sekondale

Pamene sukulu ya sekondale ya Blantyre inatsegulidwa m'chaka cha 1940, ndi ya Dedza m'chaka cha 1951, ana ankagonera konko. Belu ndilo linkawadzutsa, belu lomwelo linkawaitana kukawerenga madzulo. Koma chiyambire 1998, pamene Boma linakhazikitsa sukulu zoyendera za CDSS, ana ambiri a m'midzi amagona kwao. Kumudzi kulibe belu. Tsono ntchito ya belu ija yagwera makolo.

Makolo ena amati, "Ife Chingerezi sitichidziwa, nanga mwana tingamthandize bwanji?" Maganizo otere ngolakwa. Kuphunzitsa ndi ntchito ya aphunzitsi. Ntchito ya makolo ndi iyi:

1. Kumpatsa nthawi. Mwana woyenda mtunda wautali amafika atatopa. Akatumidwanso kuchigayo, kudimba ndi kumjigo, usiku amangosinza pabuku. Nyengo yoopsa ndiyo ya dzinja, pamene pakhomo pali ntchito yopalira, kubandira ndi kuthyola fodya, sukulu ili mkati. Masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere umodzi ukasowa, wapamwamba sukhala. Mwana wojomba masiku atatu amabwerera m'kalasi anzake atamsiya, ndipo manyazi amamletsa kufunsa.

2. Kumpatsa nyali ndi malo. Nyali ya sola, kathebulo ndi maola awiri opanda wailesi nzokwanira.

3. Kuona makope. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga likhoza kuona ngati kope likudzaza ndiponso ngati aphunzitsi achongamo. Lipoti likabwera, apemphe wina awawerengere, mwanayo ali pomwepo. Mwana akadziwa kuti kope lake lionedwa, amalemba.

4. Kuonana ndi aphunzitsi. Asadikire kuitanidwa pamlandu. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ndipo pomwe zimamveka za mwana wochoka pakhomo m'mawa koma osafika m'kalasi. Iwo amene mwana wao amachita lendi pafupi ndi sukulu ayenera kukaona nyumbayo, chakudya chake ndi anzake.

5. Kusunga mtsikana pasukulu. Ntchito za pakhomo zigawidwe mofanana ndi mlongo wake. Lamulo la 2015 limaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Ndiponso kuyambira 1993 mtsikana amene anatenga pathupi amaloledwa kubwerera kusukulu atachira. Koma sangabwerere ngati palibe womlerera khanda.

Mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB limalembetsa pakutha pa Folomu 4, safuna zowerenga usiku umodzi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi. Chifukwa chake makolo asayambe kudera nkhawa mayeso atayandikira. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Kope loyamba la Folomu 1 ndilo loyenera kuyamba kuonedwa.