Mwana ndi manambala a pansi pa ziro

Funso: Mwana wanga wa zaka 8 amati n'zosatheka kuchotsa 5 pa 3. Ndingayambe bwanji kumuphunzitsa manambala a pansi pa ziro? Mayi wa ku Kapichila, Lundazi.

Yankho: Mayi, mwanayo sakulakwa kwenikweni, pakuti pa mbuzi zitatu simungagulitsepo zisanu. Yambirani pa nkhongole, chifukwa amaiona kale. Muyerekeze kuti ali ndi K3 koma chinthu akuchifuna pa kantemba ndi cha K5. Mwini kantemba akamulola kutenga, amalemba K2 m'buku, ndipo imeneyo ndiyo -2. Kenako mufunseni kuti mawa akapeza K2 n'kukabweza, atsala ndi zingati. Akayankha kuti palibe, wazindikira yekha kuti dzulo anali pansi pa ziro. Njirayi ndi yakale: mu 628 katswiri wa masamu wa ku India, Brahmagupta, anafotokoza manambalawa ngati chuma ndi nkhongole.

Ena anganene kuti chipangizo choyezera kutentha n'chabwino kuposa kumuzoloweretsa mwana nkhongole. Koma ku Lundazi, ngakhale mu Juni, kuzizira sikufika pansi pa ziro kawirikawiri, choncho mwana angoloweza zimene sanazione. Nkhongole imathetsanso msampha waukulu, woganiza kuti -5 amaposa -2. Mwana aliyense amadziwa kuti wokongola K5 ndiye ali pamavuto kuposa wokongola K2. Pochulukitsa nambala ya pansi pa ziro ndi inzake, chitsanzochi chimachepa mphamvu, koma zimenezo n'za makalasi apamwamba.