Gitala Yoyamba ya Mwana: Zoti Amalume Aone Asanatulutse Ndalama ku City Market

Pamwamba pa mawadiropu a ku Kabwata ndi ku Chelstone mu Lusaka pagona magitala ochita fumbi, nsambo imodzi itaduka. Eni nyumba akafunsidwa amati mwana anagwa ulesi. Koma wodziwa kuimba akaitsitsa gitalayo n'kuigwira, sachedwa kupeza wolakwa: nsambo zili patali ndi khosi, moti kuti zilire bwino pamafunika zala za munthu woumba njerwa. Mwana wa zaka 14 amalimbikira masabata awiri, zala n'kutupa, basi wabwerera ku foni. Malume kapena azakhali amene akufuna kugulira mwana wa m'bale wawo gitala yoyamba aike mtima pa kufewa kwa nsambo pansi pa chala. Kunyezimira kwa penti kubwere pambuyo.

Ntchito imayambira kunyumba, asanakwere minibasi. Mwanayo afunsidwe nyimbo zimene akufuna kuimba, ndipo aonetse pa foni woimba amene amamusirira. Wina akufuna kuthandiza kwaya ya achinyamata ku tchalitchi. Wina wakopeka ndi kalindula wa PK Chishala ndi Amayenge, amene makolo ake amavina pa ukwati. Wina ndiye watulukira Zamrock ya m'ma 1970, imene yabwerera kwawo kudzera kunja: gulu la WITCH linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga kachigawo ka nyimbo ya Ngozi Family, gulu la Paul Ngozi, n'kukaika m'nyimbo yake ya Noid. Yankho la mwanayo ndilo lisankhe pakati pa mitundu itatu ya gitala.

Ya nsambo za nayiloni ndi yofewa ku zala, koma khosi lake ndi lotambalala, pafupifupi mamilimita 52 kumutu, ndipo dzanja laling'ono limavutika kulifumbata. Ya bokosi ya mawaya achitsulo ili ndi khosi lochepa, cha m'mamilimita 43, imalira mokweza, ndipo ndiyo imamveka m'makwaya ndi pamakonde madzulo. Vuto lake n'lakuti masabata oyambirira nsonga za zala zimawawa. Yamagetsi mawaya ake ndi osavuta kudinikiza, koma payokha imangonong'ona. Imafuna ampu ndi chingwe, zomwe ndi ndalama zinanso, komanso magetsi, ndipo amene anali mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akukumbukira mmene magetsi ankazimira pafupifupi tsiku lonse. Kwa ana ambiri ya bokosi ya mawaya ndiyo yoyenera kuyambira. Komabe mwana amene mtima wake uli pa gitala yamagetsi ya Paul Ngozi akaguliridwa ya nayiloni, adzangoti "zikomo, amalume" mwaulemu, osaikhudzanso.

Tsiku logula, mwanayo apite nawo. Mphatso yodzidzimutsa imakoma pa tsiku lobadwa, koma gitala imafunika kuyesa pathupi. Akhale pa mpando, aiike pa ntchafu. Mkono wamanja ugwere pamwamba pa bokosi popanda kukweza phewa, ndipo wamanzere ufike kumutu chigongono chili chopindika. Ambiri a zaka 13 kupita m'tsogolo amakwana pa gitala yaikulu, koma wa thupi laling'ono angachite bwino ndi ya saizi ya 3/4. Ngati mwanayo ndi wamanzere, zinenedwe msanga, chifukwa magitala a anthu amanzere sapezekapezeka.

Minibasi zikatsitsa anthu ku City Market, m'mbali mwa Lumumba Road, mashopu a kumeneko ndi a mu Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road ali pafupi, ndipo gitala imatha kupezeka ikulendewera pakati pa masipika ndi mawailesi. Wogulitsa wa shopu yotere amadziwa bwino masipika. Za gitala akhoza kungonena mtengo. Kunja mahutala ali pakamwa, anyamata akuitanira okwera, ndipo kaliridwe kolakwika ka nsambo sikamveka. N'chifukwa chake ndi nzeru kutenga munthu woimba kale, kaya wa ku tchalitchi kapena mnzake wa mwanayo, ndi kuika pa foni pulogalamu yaulere yochunira gitala. Gitala yosachuna siyesedwa. Nsambo zisanu ndi imodzi zikhale pa E, A, D, G, B ndi E, kuyambira yonenepa.

Kuyesa kwenikweni kumayambira pa freti ya nambala 12. Mafreti ndi tizitsulo topingasa pakhosi, ndipo ya 12 nthawi zambiri imakhala ndi timadontho tiwiri. Pamenepo wogula aone mpata wa pakati pa nsambo yonenepa ndi kachitsuloko. Pa gitala ya mawaya achitsulo mpata wabwino ndi mamilimita awiri ndi theka kapena atatu. Pa ya nayiloni umafika anayi. Rula si yofunika. Khadi la ku banki ndi lochindikala mamilimita 0.76, choncho makhadi atatu kapena anayi akasanjikizidwa ayenera kulowa mothinana. Akalowa asanu n'kumagwederabe, gitala ya mawayayo idzamulemetsa mwana, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti izolowereka.

Kenako gitala inyamulidwe, bokosi lili kumaso, n'kuyang'ana motsata khosi mpaka kumutu. Khosi lizioneka lowongoka, kapena lopindika pang'ono kwambiri. Lopotoka mbali imodzi silichira. Magitala ambiri a mawaya achitsulo ali ndi chitsulo m'kati mwa khosi chimene mmisiri amatha kumanga kapena kumasula. Mutu wake umaoneka munthu akasuzumira pa bowo la bokosi kapena pansi pa kachivundikiro ka kumutu. Ya mawaya yopanda chitsulochi isiyidwe. Chala chiyende m'mphepete mwa khosi kuti amve ngati nsonga za mafreti zikukanda. Woimba uja alize nsambo iliyonse pa freti iliyonse, khutu lili pafupi ndi bokosi, kumvetsera ngati pali polira ngati njuchi kapena pofa. Pomaliza alize nsambo osaigwira, kenako aidinikize pa freti ya 12: foni ionetse chilembo chomwecho. Ikasemphana kwambiri, gitalayo sidzamveka bwino ngakhale atachuna chotani.

Buliji, kathabwa kamene kamagwira nsambo pabokosi, isaiwalike. Mawaya achitsulo amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, pamene nayiloni imakoka cha m'ma 40. Kapepala kakalowa pansi pa buliji cha kumbuyo, ndiye kuti guluu wayamba kugonja. Apa m'pamene magitala ogwiritsidwapo kale ntchito amagwira anthu, maka aja a nayiloni amene mwini wake anawamanga mawaya achitsulo pofuna kuti alire kwambiri. Bokosi lake limatupa kuseri kwa buliji, khosi n'kuweramira kutsogolo. Makiyi ochunira nawo azungulire mosalala, osalumpha.

Za mayina, Yamaha C40 ya nayiloni ndi Yamaha F310 ya mawaya ndi magitala amene aphunzitsi m'mayiko ambiri amawakhulupirira kwa oyamba, ndipo Pacifica ndi mnzawo wamagetsi. Koma dzina lolembedwa kumutu limakopeka mosavuta. Wogula asuzumire pa bowo, aone chipepala cha m'kati ngati chili ndi nambala ya mtundu ndi dziko limene inapangidwira. Gitala yakale ya dzina lodziwika, ikapambana mayeso onse aja, imaposa yatsopano yonyezimira yopanda mbiri. Mitengo imayenda ndi dola chifukwa katunduyu ndi wochokera kunja, choncho ndi bwino kufunsa m'mashopu angapo, kuphatikizapo ogulitsa zoimbira zokhazokha, asanatsegule chikwama.

Ponenerera mtengo, wogulitsa akakana kutsitsa, apemphedwe mbasela: chikwama chonyamulira, timapiki tiwiri tofewa tolizira nsambo, ndi paketi ya nsambo zopyapyala, zimene pa mawaya zimalembedwa 10 kapena 11. Nsambo yaing'ono ya E ndiyo imayamba kuduka m'manja mwa wophunzira kuchuna. Risiti ilembedwe, ndipo agwirizane masiku obweza ikapezeka ndi chilema. M'minibasi ya ku Chelstone gitala iime pakati pa miyendo ya mwini wake. Kondakitala asaitengere kumbuyo kumene kuli matumba a ufa.

Kunyumba mdani ndi dzuwa. Mu October Lusaka imatentha ndipo mpweya umauma, kotero gitala yosiyidwa m'galimoto kapena pafupi ndi malata imang'aluka, guluu n'kufewa. Ikhale pamthunzi, koma pamalo poonekera, poti mwana azingoitola akaweruka kusukulu. Mphindi 15 tsiku lililonse zimalimbitsa nsonga za zala m'masabata ochepa, ndipo makodi atatu, G, C ndi D, amakwana kuimba nyimbo zambiri za kwaya. Mphunzitsi wa maso ndi maso, ngakhale kamodzi pa sabata, amawongola kagwiridwe kamene vidiyo ya pa YouTube singaone.

Pakatha mwezi mwanayo akudandaulabe kuti mawaya ndi olimba, gitala ipite kwa mmisiri wa zoimbira. Iye amachotsa kafupa koyera ka pa buliji n'kukapala pansi ndi sandipepa: akachotsa mamilimita awiri pamenepo, nsambo zimatsika ndi milimita imodzi pa freti ya 12.