Walapa inde, nanga ndalama za gulu?

Azakhali,

Ndine msungichuma wa banki m'khonde kwathu kuno. Chaka chatha ndinatapa ndalama za gulu kuti ndipikulire katundu wa geni, ndimati ndibweza, koma geniyo inagwa. Pogawana ndinanamizira mayi wina kuti sanamalize ngongole yake. Posachedwa ndinalapa pa mapemphero a usiku wonse, ndinalira kwambiri, koma mtima sukukhazikika. Kodi Mulungu sanandikhululukire?

Wosowa tulo, Dedza

Mwana wanga,

Ati unalira kwambiri! Ife takalamba tikuona anthu akugubuduka kutsogolo kwa guwa mpaka duku kugwa, m'mawa mwake n'kukumana pamsika ndi amene anawalakwira, n'kuwapatsa moni wosekerera ngati palibe kanthu. Misozi yako sindikuikayikira ayi, koma m'bokosi la gulu sinalowemo. Mayi unamunamizira uja mpaka lero akulozedwa zala pamjigo, iwe uli kutchalitchi kukweza manja. Ndiye ukudabwa kuti tulo takuthawa?

Usandikwiyire, wakutsina khutu ndi mnansi. Mulungu si wouma mtima, mwana wanga, ndipo chikhululukiro chake sichigulidwa ndi ndalama. Kawerenge 1 Yohane 1:9, ukapeza kuti wovomereza machimo ake sabwezedwa pakhomo. Chimene chikukudzutsa pakati pa usiku ndi chikumbumtima, ndipo uthokoze kuti chako chikadali moyo. Ambiri chinawafera kalekale.

Koma kulapa kwenikweni kumaoneka ndi zochita. Ukumukumbukira Zakeyu wa pa Luka 19, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, wamfupi uja anakwera mumkuyu? Yesu atalowa m'nyumba mwake, bamboyo anaimirira n'kulonjeza kugawira osauka theka la chuma chake, ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamudyera. Lamulo la pa Levitiko 6 linkati wodya za mnzake abweze zonse, awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiponso akapereke nsembe. Nayenso Yesu, pa Mateyu 5, anaphunzitsa kuti mphatso idikire paguwa, munthu ayambe wakayanjana ndi m'bale wake. Waona? Chilungamo cha Mkhristu chimafika mpaka m'thumba.

Tsono chita izi. Tenga buku la gulu, uwerengetse zonse unatapa, osachotsako ngakhale tambala. Bambo a kunyumba amve kwa iwe, asadzamve kwa anthu kugolosale. Ukatero pita kwa mayi uja, iweyo ndi miyendo yako, osati kutumiza uthenga wa pafoni. Tengana ndi mkulu wa mpingo kapena mayi wachikulire wosunga pakamwa. Ngati ndiwe wa Katolika, kaulule kwa bambo mfumu, koma dziwa kuti nawonso akakuuza zobweza zomwezi. Tsiku lokumana gulu, imirira unene zoona pamaso pa onse, umuchotse mnzako manyazi amene unamuveka. Utule pansi udindo wosunga ndalama, mugwirizane zomwe uzibweza mwezi ndi mwezi, zilembedwe. Ngati pali mbuzi kapena matumba a chimanga oti n'kugulitsa, yambira pamenepo.

Ndisakunamize, zidzawawa. Mayiyo akhoza kukulalatira, ndipo ali ndi chifukwa. Usayankhe, usamuumirize kuti akukhululukire tsiku lomwelo. Anthu adzakujeda, ena adzasiya kukuyankhula, mwina a mpingo adzakuitana kubwalo. Zonsezo zimatha, mwana wanga. Chosatha ndi bodza, paja mlandu suola, ndipo ukadzaululika ndi ena manyazi ake adzaposa awa. Anthu amachedwa kukhulupirira wolapa, koma akaona ndalama zikubwera mwezi uliwonse, mitima imafewa.

Pukuta misozi, udye, ugone. Mawa ukacheze ndi bukulo, ndipo sabata ino isathe usanagogode pakhomo pa mayi uja.

Ndine,
Azakhali ako