Mafunso ndi Mayankho: Makalata Ochokera Dera la Msundwe

MUULUTSI: Nthawi ija yakwana yoti timasule thumba la makalata anu. Sabata ino ambiri akudandaula za ndalama, poti ndi nyengo yokolola ndipo ngolo zili kalikiliki mumsewu wa ku Mchinji. Monga mwa nthawi zonse, maina sititchula, tingonena dera. Muno ndili ndi aphunzitsi athu aja, amene anatula choko pansi ndipo masiku ano amayenda m'midzi kulangiza magulu a banki m'khonde. Aphunzitsi, mwaswera bwanji?

APHUNZITSI: Ndaswera achimwene, kaya inu. Tiyeni timve zimene abale athu atisungira.

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mpingu. Akuti: "Mu Okutobala 2023 alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, anadzakongola kwa ine ndalama yokwana thumba limodzi la feteleza. Sitinalemberane poti ndi pachibale. Tsopano abwera nayo ndalama ija ndendende, koma lero ikuperewera kutali pa mtengo wa thumba. Ine ndili pachikamwini. Ndilandire kapena ndikane? Ndine munthu wopemphera, sindifuna kuoneka ngati wa katapila."

APHUNZITSI: Bambo, apa khoswe wakhala pamkhate. Mukaponya mwala muswa mtsuko, ndipo mtsukowo ndi banja lanu, pamudzi pa eni ake.

Choyamba timvetse chimene chinadya ndalama yanu. Mu Novembala 2023, patangotha mwezi umodzi alamu anu atakongola, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Chaka cha 2022 mu Meyi inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Feteleza timagula kunja ndi madola, ndiye kwacha ikagwa, thumba limakwera. Alamu anuwo sanakubereni. Abweza nambala imene anatenga. Koma nanunso simukulakwa kumva kuwawa, chifukwa mumtima mwanu munawapatsa thumba. Kufuna kuti thumba libwere ngati thumba si katapila ayi. Wa katapila amafuna matumba awiri.

Vuto ndi loti zimenezi simunapangane. Ndiye landirani ndalamayo ndi manja awiri, muthokoze. Kenako muwauze mayi a kunyumba kuti mukufuna kukhala pansi ndi mlongo wawo, ankhoswe alipo. Pamenepo munene poyera kuti, "Alamu, ndalama ndaona, zikomo. Koma taonani pamene feteleza wafika. Ngati mwakolola bwino, ndiwonjezereniko ndowa zingapo za chimanga." Akavomera, mwapeza. Akakana, isiyeni, musaisenze mumtima mpaka kumanda. Koma kuyambira lero, wachibale akafuna feteleza, mugulireni thumbalo, mupangane kuti lidzabwera thumba, ndipo mulembe m'kope pamaso pa mboni. Makolo athu ankabwereketsana mbewu ndi dengu, n'kubwezerana ndi dengu lomwelo. Dengu silitsika mphamvu.

MUULUTSI: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Nsaru. Akuti: "Ndinalembedwa ganyu yogula soya ndi mtedza pamsika. Abwana anga anaipotoza sikelo, imadya makilogalamu awiri pa thumba lililonse, ndipo akuti aliyense amatero. Lamulungu ndimaimba kwaya. Sabata yatha anabwera ndi soya mayi wina wa mumpingo mwathu momwe, ndinamuyezera ndikuyang'ana kumbali. Ndikasiya ganyuyi ndidya chiyani?"

APHUNZITSI: Mphwanga, ndakukonda chifukwa khosi lako linatembenuka lokha. Munthu amene chikumbumtima chinafa amayeza akuseka.

Tiye tiwerengere limodzi. Makilogalamu awiri pa thumba la makilogalamu 50, ndiye kuti pa matumba 25 aliwonse abwana ako amapeza thumba lathunthu losalima, losapalira, losamenya. Ine ndaimapo pa misika yathuyi nthawi ya soya. Sikelo yapachikidwa pa nthambi kapena pa mitengo itatu, mayi watsitsa kathumba kake pamutu, nkhata ikadali m'manja, mwana ali kumbuyo. Maso ake ali pa kasingano kaja, koma manambala sakuwadziwa bwino, ndiye akuyang'ana nkhope yako kuti amve zoona. Chimene akukhulupirira pamenepo ndiwe. Makilogalamu awiri amenewo ndi sopo wake ndi makope a mwana uja.

Za sikelo yachinyengo Mulungu sanazisiye mwachinsinsi. Buku la Miyambo chaputala 11 limayamba ndi nkhani imeneyi, mneneri Amosi anadzudzula amalonda otere, ndipo abale athu achisilamu ali ndi sura yonse mu Qur'an yochenjeza opungula muyezo. Boma nalo linaika a Malawi Bureau of Standards kuti aziyendera ndi kudinda masikelo, ndipo kugwiritsa ntchito sikelo yopotoza ndi mlandu. Tsono ganiza, tsiku limene adzafike pamsikapo, adzapeza ndani atagwira sikeloyo? Abwana ako adzakhala ali ku tawuni, foni yozima.

Sindikuuza kuti usiye lero n'kukagona ndi njala. Uwauze abwana mwaulemu kuti ukuopa kumangidwa, akonze sikeloyo. Akakana, yamba kufunafuna kwina, udziikire malire, kaya sabata ziwiri. Ndipo mayi wa mumpingo mwanu uja, ukalandira ya ganyu, upite ukamubwezere ya makilogalamu awiri ake. Zidzakuchititsa manyazi kwa mphindi zisanu, koma Lamulungu mawu adzatuluka bwino.

Kwa alimi nonse, yezani katundu wanu pa masikelo awiri musanagulitse, ndipo funsani kwa alangizi mitengo yoyambira imene boma limalengeza chaka ndi chaka.

MUULUTSI: Mayi wina wa kwa Kabudula walemba motere: "Fodya timalima tonse. Nazale ndimathirira ndine, kusoka ndine, kusankha m'chigafa mpaka chifuwa kundigwira. Koma mabelo akangopita ku Kanengo, abambo amasowa sabata yathunthu. Amabwera ndi nsalu imodzi ndi buledi, n'kumati fodya sanagulidwe bwino. Kumpingo amatiphunzitsa kugonjera amuna athu. Kodi ndikafunsa za ndalama ndachimwa?"

APHUNZITSI: Amayi, simunachimwe. Malembo omwewo amene amakamba za kugonjera amalamulanso mwamuna kukonda mkazi wake ngati thupi lake. Nanga pali munthu amene amabisira dzanja lake lamanzere zimene lamanja lalandira?

Mwina abambo akunena zoona pang'ono. Fodya ku okushoni amagulidwa m'madola, ndipo ndalama isanafike ku banki amadulapo ngongole ya zipangizo, ya mayendedwe ndi misonkho ina. Zaka zina zotsala zimakhaladi zochepa. Koma zonsezi zimalembedwa pa chipepala cha malonda chimene mlimi amalandira. Ngati fodya sanagulidwe bwino, chipepalacho chidzawaikira umboni. Achibisiranji?

Musadikire kuti abwere ataledzera ndiye muyambe kufunsa. Nthawi yabwino ndi pamene mabelo ali pakhonde, galimoto isanabwere. Khalani pamphasa, mutenge kope la mwana, mulembe kuti ndalama ikabwera, yoyamba ndi feteleza wa chaka chamawa, yachiwiri fizi, yachitatu malata. Muwasiyireko abambo yawo yosangalalira, itchulidwe ndithu, chifukwa munthu ukamumana zonse amaba zonse. Akakana kukambirana, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Zikakanika pamenepo, dziwani kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limati kumana mnzako chuma chimene akuyenera kupindula nacho ndi nkhanza, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa imene imamva nkhani zotere.

Ndipo inu abambo amene mukumvera wailesi ino m'thumba muli kadi la ku banki, anzanu a sabata imodzi aja simudzawaona mu Januwale, nkhokwe itayera. Mudzaona mayi yemweyu akukusakirani ndiwo.

MUULUTSI: Iyi ndi ya mayi wamasiye wa ku Nambuma. Akuti: "Mwana wanga atadwala ndinakongola K40,000 kwa munthu wa katapila, ndipo mwezi uliwonse imabereka theka. Mlaliki wina woyendayenda wandiuza kuti ngongoleyi sikutha chifukwa sindipereka chakhumi, akuti ndigulitse mbuzi yanga imodzi yomweyo ndibzale mbewu kwa iye. Kodi Mulungu wandikwiyira?"

APHUNZITSI: Mayi anga, pepani ndi zonsezi. Ngongole yanu ikukula chifukwa cha masamu. K40,000 ikabereka theka, mwezi woyamba ndi K60,000. Mukalephera, wachiwiri ndi K90,000, wachitatu K135,000. Ngakhale mutasala kudya masiku 40, nambalayi idzayenda chomwecho.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsa nazo. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinakongola kwa munthu wotere kuti ndigule suti ya paukwati wa mnzanga. Ndinabisira mkazi wanga. Mwezi ukatha, munthu uja ankandidikira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukulu, atakhala pa njinga yake, osalankhula, kungondigwedezera mutu ana akuona. Ine ndinkazungulira kuseri kwa zimbudzi ngati mwana wothawa chibalo. Inatha miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku limene ndinaulula, mkazi wanga analira, kenako anagulitsa nkhuku zake ndi mtedza, tinakalipira. Ndikanaulula mwezi woyamba, nkhuku ziwiri zikanakwana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ine ndinatsala pang'ono.

Tsono mbuziyo, ngati muigulitse, ndalama yake ipite kwa wa katapila, ndipo mupite ndi anyakwawa kapena mkulu wa mpingo kuti akamupemphe kuti chiwongoladzanja chiime pomwe chafika. Ambiri amavomera akaona akuluakulu, chifukwa nawonso amadziwa kuti malonda awo sakonda kuwala.

Za chopereka, ine ndimapereka ndipo ndimalimbikitsa ena kutero. Koma mtumwi Paulo, polembera Akorinto kachiwiri, anaphunzitsa kuti munthu apereke molingana ndi zimene ali nazo, mosakakamizidwa. Ndipo m'Baibulo monse amasiye ndi amene mpingo ukulamulidwa kuwasamala. Mlaliki amene akufuna mbuzi yomaliza ya mayi wamasiye watembenuza malemba chadodolido. Nthawi ya masika tengani kambale ka mtedza mupite nako ku tchalitchi kwanu, kumene amakudziwani dzina, kumene adzabwere kudzakuonani mukadwala. Mukamasuka, lowani gulu la banki m'khonde, kumene chiwongoladzanja mumapangana nokha ndipo pakutha pa chaka chimabwerera kwa inu nomwe pogawana.

MUULUTSI: Nthawi yatithera aphunzitsi, koma pali kauthenga ka pafoni kochokera pa Msundwe penipeni. Mnyamata akuti: "Ndikapita ku Lilongwe kukafuna ntchito, ndikangotchula kwathu amaseka, amati wa ku Barracks. Kodi ndiziti ndine wa ku Namitete?"

APHUNZITSI: Ayi mphwanga, usayambe ntchito ndi bodza. Dzina limenelo linabwera ndi zionetsero za pambuyo pa chisankho cha 2019. Chaka chimenecho chinasiya mabala. Mu Okutobala wapolisi anaphedwa pa Msundwe, ndipo amayi ndi atsikana a pa Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anachitidwa zachipongwe, moti mu 2020 khoti lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukutamisozi. Zimenezi si zoseketsa, ndipo sitingazifafanize. Koma a mu tawuni omwewo akudya nsima ya chimanga cha kwanu ndi nsinjiro za mtedza wa kwanu. Akakuseka, uyankhe kuti, "Inde ndine wa pa Msundwe, ndiyeseni mwezi umodzi." Ukatero ufike m'mawa, ubweze chenji chonse, usatole ngakhale msomali. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mnyamata wina wa kwanu adzalembedwa ntchito pamalo pomwepo chifukwa cha phazi lako.

MUULUTSI: Mawu otsiriza aphunzitsi?

APHUNZITSI: Makalata onsewa ali ndi nthenda imodzi, kuopa kulankhula. Bambo a ku Mpingu akuopa alamu, mnyamata wa ku Nsaru akuopa abwana, mayi a kwa Kabudula akuopa amuna awo. Ndalama imakonda mdima, ndipo mumdimamo ndi momwe imaonongera chibale ndi mapemphero omwe. Usiku uno mukatha kudya, musanayale mphasa, muuzeni mnzanu wa m'nyumba ngongole zonse zimene muli nazo ndi ndalama zonse zimene mwasunga.

MUULUTSI: Omvera athu, pitirizani kutilembera, ndipo amene makalata anu sitinawawerenge lero musataye mtima, tawasunga. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.