Magazi a mwana wa kilogalamu imodzi

Ana anga amene mwangoyamba ntchito m'chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane, sungani nambala iyi m'mutu: mwana wolemera kilogalamu imodzi amakhala ndi magazi okwana mamililita pafupifupi 90 m'thupi lonse. Ndi masupuni aakulu 6 basi. Mukatapa mamililita 2 lero, mawa 2, mkuja 3 kuti akayezedwe ku labu, n'kupitiriza chomwecho, sabata isanathe mwamuchotsera gawo limodzi mwa magawo 10 a magazi ake. Munthu wamkulu akapereka gawo lofanana ndi limeneli ku Malawi Blood Transfusion Service, amamuuza kuti apume miyezi ingapo asanabwerenso. Khandali ife timalibwerera m'mawa mwake ndi jakisoni wina.

Chondiwawa n'chakuti mwana wosakwana magalamu 1,500 sangabwezeretse msanga zimene tamutengera. Maselo ofiira a munthu wamkulu amakhala masiku 120, pamene ake amafa miyezi iwiri isanakwane. Timadzi ta erythropoietin, tolamula mafupa kupanga magazi, mwa iye timachokera kuchiwindi, ndipo chiwindi chimachedwa kumva kuti mpweya wachepa. Impso zimadzalanda ntchitoyi pambuyo pake. Ayironi wambiri amapita kwa mwana m'miyezi itatu yomaliza ya mimba, yomwe iye waiphonya. N'chifukwa chake pa masabata 4 mpaka 6 hemoglobin imatha kutsika kufika pa 7 kapena 8. Koma magazi akachepa m'masabata awiri oyambirira, fufuzani kumene akuthera.

Yambani ndi mayi. Kodi anataya magazi asanachire, nsengwa itatsogola kapena itamatuka nthawi isanakwane? Ankamwa mapiritsi a ayironi ndi fansida kusikelo? Ngati ndi mapasa a nsengwa imodzi, wina amatha kubadwa wofiira, mnzake wotuwa, poti magazi ankapita mbali imodzi. Kenako mwanayo: matenda a m'magazi amaononga maselo, timitsempha ta muubongo wake timaphulika mosavuta m'masiku oyambirira, ndipo amene sanabayidwe vitamini K amatha kuchucha magazi pamchombo kapena m'matumbo.

Inu azamba, musathamangire kudula mchombo. Bungwe la WHO limalangiza kudikira mphindi imodzi kapena kuposerapo ngati mwana sakufunika kuthandizidwa kupuma pompopompo. Magazi amene amalowa m'mphindiyo ndi ake enieni, osafuna kuyezedwa, osafuna ambulansi.

Lembani pafayilo mamililita onse amene mwatapa, n'kumawonkhetsa tsiku ndi tsiku. Zoyeza zina zikhoza kuphatikizidwa m'kabotolo kamodzi. Za shuga dontho limakwana. Adokotala akalemba zoyeza zina, funsani mwaulemu ngati zotsatira zake zisinthe chithandizo. Dokotala wanzeru sakwiya ndi funso limenelo.

Mwana wochepa magazi salira kuti mumve. Amangotuwa m'manja ndi m'milomo, mtima umathamanga, amabanika pafupipafupi, amatopa akamayamwa, sikelo siikwera, okosijeni amene ankamukwanira dzulo lero akuperewera. Musadikire kuti zonsezi zikumane.

Mayi ndi agogo ake muziwafotokozera chifukwa chimene mukutengera magazi, muwaonetse ndi kuchuluka kwake. Dziko lino linavutika ndi mphekesera za anamapopa mu 2017, ndipo mantha amenewo sanathe m'mitima ya ena. Banja limene mwalifotokozera kuyambira tsiku loyamba silivuta kuvomera tsiku limene mwana adzafunike kuikidwa magazi.

Potuluka m'chipatala mwana ali pachifuwa cha mayi m'njira ya kangaru, onetsetsani kuti madontho a ayironi, omwe amayambika mwana akakwanitsa masabata awiri ndipo akuyamwa bwino, ali m'manja mwa mayiyo, akudziwa mulingo wake, ndipo tsiku lobwera kudzayezetsa magazi lalembedwa m'buku la kuchipatala.