Maginito, Magetsi ndi Kamakina Kothandiza Mtima

Masiku ano m'midzi ina mupezeka anthu, makamaka achikulire, amene anapita ku chipatala chachikulu, ena mpaka ku South Africa kapena ku India, nabwerako ali ndi kamakina m'chifuwa kothandiza mtima kugunda. Dzina lache ndi pacemaker. Ena mwa anthu amenewa akhala ndi mantha osayenera, kotero kuti safuna kukhudza ngakhale wailesi. Ena sasamala konse, ndipo apezeka ataweramira injini ya chigayo ili kulira. Mwini kamakinaka pamodzi ndi abale ache ayenera kudziwa chimene chili choopsa ndi chimene sichili choopsa.

KAGWIRIDWE KACHE KA NTCHITO

Mtima wa munthu wamkulu, akakhala chete, ugunda nthawi 60 kufikira 100 pa mphindi imodzi. Chimene chiuuza kugunda ndi kamphamvu ka magetsi kochepa zedi kamene mtima upanga wokha. Mwa anthu ena kamphamvuka kachedwa kapena kaduka panjira, ndipo mtima ugunda pang'onopang'ono. Munthu amva chizungulire, atopa msanga, mwina akomoka. Pamenepo dokotala aika kamakina, kaching'ono kuposa bokosi la machesi, kunsi kwa khungu pamwamba pa chifuwa. M'katimo muli batire, ndipo tiwaya tochokera m'menemo tidzera mu mtsempha kufika mu mtima.

Kamakinaka kachita zinthu ziwiri. Choyamba kamvetsera ngati mtima wagunda wokha. Ukagunda, iko kakhala chete. Ukachedwa, katumiza kamphamvu kakang'ono kouutsa. Mabvuto ambiri a maginito ndi magetsi akhudza kumvetsera kumeneku.

Munthu woyamba kuikidwa kamakina kotere m'thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, m'chaka cha 1958. Anamchita opaleshoni ndi dokotala Åke Senning, ndipo anakapanga ndi Rune Elmqvist. Koyambako kanagwira ntchito maora owerengeka okha. Koma Larsson anasinthidwa timakina toposa 20 pa moyo wache, namwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, dokotala ndi mmisiri uja atatsogola kale.

MAGINITO

M'kamakinamo muli kaswichi kamene kamva maginito. Anakaika dala. Maginito amphamvu akafika pafupi, kamakina kaleka kumvetsera, nikayamba kutumiza mphamvu pa liwiro limodzi losasintha, kawirikawiri pakati pa 85 ndi 100 pa mphindi, osayang'ana chimene mtima uli kuchita. Madokotala agwiritsa ntchito njira imeneyi poyesa batire ndi pochita opaleshoni. M'manja mwao ndi chithandizo. Kumudzi, popanda woyang'anira, kugunda kwa makina kungapikisane ndi kugunda kwa mtima, ndipo munthu amva mtima kuthamanga kapena kudumpha. Maginito akachotsedwa, kamakina kabwerera m'ntchito yache monga kale.

Pali mtundu wina wa makina wochedwa ICD, umene umenya mtima ndi mphamvu yaikulu pamene wayamba kugunda mosokonezeka moti munthu angafe. Kwa mtundu umenewu maginito ndi oopsa koposa, pakuti nthawi yonse imene ali pafupi, makina sapereka chipulumutso chija.

Kodi maginito apezeka kuti pamudzi? Ali m'masipika akuluakulu a pa ukwati ndi ku tchalitchi, m'timasipika tobvala m'makutu, pa zotsekera za zikwama zina, ndi m'mafoni a m'manja. Mu 2021 bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala, la FDA, linachenjeza kuti mafoni ena atsopano ndi mawotchi ena a pamkono ali ndi maginito amphamvu. Lamulo lache ndi lapafupi: zinthu zotere zikhale mainchesi 6, ndiko kuti masentimita 15, kutali ndi kamakina. Foni isasungidwe m'thumba la malaya la pachifuwa. Polankhula, munthu aike foni ku khutu la mbali imene kulibe kamakina. Amene azolowera kugona foni ili pachifuwa aleke. Ndipo mwana akatola maginito a m'sipika yakufa, monga ana achitira, asasewere nao pa chifuwa cha agogo ache.

MAKINA A MAGETSI AMPHAMVU

Apa bvuto lache ndi lina. Pamene magetsi ambiri ayenda m'waya kapena m'mota, pozungulira pache pakhala mphamvu yosaoneka. Kamakina kangamve mphamvu imeneyi nikayesa kuti ndi mtima wagunda, choncho kakhala chete pamene kanayenera kugwira ntchito. Kwa munthu amene mtima wache udalira kamakina pa kugunda kulikonse, masekondi ochepa otere akwanira kumgwetsa pansi.

Choopsa kwambiri pa misika ya kumidzi ndicho makina owotcherera zitsulo. Mmisiri wowotcherera amene waikidwa kamakina asabwerere ku ntchito yache asanafunse dokotala, ndipo wopita kukakonzetsa njinga kapena ngolo aime patali, mafiti awiri kapena kuposerapo kuchokera ku makina ndi mawaya ache. Asaweramire injini ya galimoto, ya chigayo, kapena jenereta pamene zili kulira. Asalowe mu mpanda wa thiransifoma. Kuyenda pa mseu wodutsa kunsi kwa mawaya a magetsi kulibe kanthu.

Wailesi, kanema, filiji, simbi ya magetsi, tochi ndi nyale za sola sizisokoneza kamakina, malinga zili zabwino ndi zosagwira nyesi. Pa makomo oyesera anthu ku bwalo la ndege ndi m'masitolo akuluakulu munthu angodutsa monga mwa nthawi zonse, osaima kapena kutsamira pamenepo.

Chizungulire chikamgwira munthu pafupi ndi makina alionse, achokepo msanga nakhale pansi. Kawirikawiri kamakina kayambanso bwino pompo. Chikapitirira, kapena akakomoka, abale amtengere ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.

KU CHIPATALA

Kujambulidwa ndi X-ray sikuononga kamakina. Koma makina ojambulira a MRI ali ndi maginito amphamvu koposa onse amene munthu wamba angakumane nao. Timakina tambiri tatsopano tinapangidwa kuti tipirire MRI, koma ngakhale pamenepo dokotala ayamba wakakonza munthu asanalowe. Mipeni ya magetsi ya pa opaleshoni ifunanso kusamala komweko. Chifukwa chache wodwala anene za kamakina kache kwa dokotala aliyense, ngakhale wa mano, asanayambe kanthu.

Potuluka m'chipatala munthu apatsidwa khadi lolembedwa mtundu wa kamakina ndi tsiku limene kanaikidwa. Khadili liyende naye paulendo uliwonse, ndipo mbale mmodzi wa pakhomo adziwe pamene lisungidwa, kuti akalionetse ngati mwini wache sangathe kulankhula.