Khanda Likasungidwa Kwina kwa Kanthawi

Tiyeni tiwerenge ndime izi mosinthana, kenako tikambirane mafunso omwe ali kumapeto.

1. Tonse timadziwa zomwe zimachitika mayi akamwalira pobereka, khanda n'kutsala. Maliro akatha, abale amakhala pansi. Agogo ali ndi mtima wolera, koma alibe bere. Kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba khanda limadalira mkaka wokha, ndipo mkaka wa m'chitini ndi wodula, umafunanso madzi owiritsa ndi ziwiya zoyera. Mavuto ena amagwa mwadzidzidzi: mayi kudwala misala, mwana kutayidwa, kapena ngozi ngati namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula mapiri ndi kukokolola nyumba kuno ku Chiradzulu, monga kwa Ntauchira. Pa nthawi zotere mwana amafunika pogona usiku womwewo.

2. Lamulo la dziko lathu la 2010 lokhudza chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limalola wapolisi, wa ofesi yosamalira anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba, kutenga mwana yemwe ali pangozi ndi kumuika pamalo otetezeka kwa kanthawi. Koma nkhaniyo iyenera kufika kubwalo la milandu ya ana pasanathe maola 48. Choncho sitingomusunga mwanayo mwakachetechete. Timakanena ku ofesi yosamalira anthu pa Boma pano kapena kupolisi, ndipo nambala yaulere ya 116 ilipo yothandiza ana.

3. Pali nyumba zomwe zinakhazikitsidwira ntchito imeneyi. Ku Blantyre, Open Arms inayamba kulandira makanda mu 1995, ndi cholinga chowasamalira mpaka atafika zaka ziwiri kapena kupitirirapo pang'ono, kenako kuwabwezera kwa abale awo. Ku Lilongwe, bungwe la Ministry of Hope linatsegulanso nyumba yolandira makanda omwe ali pamavuto. Nyumba zotere zapulumutsa ana omwe akanafa ndi njala m'masabata oyamba a moyo wawo.

4. Komabe mwana sakula ndi mkaka wokha. Amafuna nkhope imodzi yomwe amaiona akadzuka, msana umodzi womwe amauzolowera. M'nyumba yosungira ana, olera amasinthana, wina masana, wina usiku, ndipo mmodzi amayang'anira ana angapo. Ku Romania, kuyambira mu 2000, akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba zosungira ana mumzinda wa Bucharest. Ana omwe anatengedwa n'kukaleredwa m'mabanja, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri, anakula bwino m'nzeru ndi m'chiyankhulo kuposa omwe anatsalira. N'chifukwa chakenso malangizo a United Nations a 2009 amati ana aang'ono, makamaka osakwana zaka zitatu, azileredwa m'banja, ndipo ngati asungidwa kwina, ikhale nthawi yochepa yodziwika, cholinga chikhale chobwerera kubanja.

5. Apa ndi pomwe pali ntchito yathu. Tsiku lomwe khanda lapita kukasungidwa ndi tsiku loyamba kukonzekera kubwerera kwake. Chomwe chimachitika kawirikawiri n'choti abale amapita mwezi woyamba ndi wachiwiri, kenako ndalama ya minibasi yopita ku Limbe imasowa, kumunda kumachuluka ntchito, ulendo n'kuzilala. Zaka ziwiri zikatha, mwana amabwera kumudzi n'kumalira akaona agogo ake, chifukwa kwa iye ndi alendo. Mwanayo amakhala ataferedwa kawiri: mayi womubala, ndi mayi womulera yemwe wamusiya kumene.

6. Kwathu kuno mwana ndi wa mbumba, ndipo amalume ndi omwe amaitana abale pa nkhani zotere. Ife anansi tingathandize kuti mbumbayo isagonje. Tingasonkhe ya ulendo kuti azakhali kapena agogo azikamuona mwana mwezi uliwonse. Tingalimire agogowo tsiku lomwe apita. Tingawakumbutse kuti bambo wa mwanayo, ngati alipo, asaiwalidwe. Mwana akabwera, tingaonetsetse kuti akupita kusikelo, akudya mokwanira, ndipo akafika msinkhu akulowa kumkombaphala. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

a. Ndi zifukwa ziti zomwe zingachititse kuti khanda lisungidwe kwina kwa kanthawi? Ndi ziti mwa izo zomwe mudzi ungazithetse mwanayo asanachoke?

b. Malizitsani: Lamulo limati nkhani ya mwana yemwe waikidwa pamalo otetezeka ifike kubwalo pasanathe maola ________.

c. Agogo ena akuti, "Mwanayu angokhala konko mpaka akule, amadya bwino kuposa kuno." Tingawayankhe bwanji mwaulemu, osawanyoza chifukwa cha umphawi wawo?

d. Kodi m'dera lathu muli banja lomwe mwana wake akusungidwa kwina, kapena lomwe likulera khanda lamasiye? Osatchula mayina pagulu, tigwirizane kuti ndani mwa ife akalicheza sabata ino, ndipo akatenga chiyani.